Mbali ziwiri zowongoka

Mukatenga ndowa yakale yamalata n'kuigulula thako, kenako n'kumasula msoko wa m'mbali ndi kuipondaponda mpaka itagona pansi, simupeza lata la ngodya zinayi ayi. Chimatuluka ndi chinthu chokhota ngati uta, mphepete yakumtunda yaitali, yakumunsi yaifupi, ndipo uku ndi uku kuli mzere wowongoka wopendekera mkati. Anthu ambiri sakhulupirira mpaka aone ndi maso. Amayesa timangodula lata lalitali n'kulikulunga basi. Mutatero mungapeze chitini chofanana kukamwa ndi kuthako, ndipo zitini zotere sizilowetsana. Munthu amene ananyamulapo ndowa khumi panjinga kupita nazo kumsika safunika kuuzidwa chifukwa chake ndowa iyenera kutambalala kukamwa.

Ine ntchito yanga ndi yokhoma malata. Ndimapanga ndowa, makheni othirira m'dimba, mafanelo, mbaula ndi zipewa za machumuni. Ndimagwirira kuno ku Luwawa, kummwera kwa mapiri a Viphya, ndipo katundu wambiri ndimakagulitsa ku Jenda, wina ku Mzimba boma. Zida zanga n'zochepa: sizasi ya malata, hamala, nyundo yamtengo, chidutswa cha njanji chokhomerapo, paipi yachitsulo yokulungirapo, tepi, ndi kathabwa kena kokhala ndi misomali iwiri. Zina zonsezi mnzanga atha kubwereka, koma kathabwako sikatuluka m'shedi.

Kuno n'kozizira, ndipo kuzizirako ndi kumene kumatidyetsa. Mu June ndi July nkhungu imagona padamu la Luwawa mpaka dzuwa litakwera, palibe amene amalakalaka kusamba madzi a pamjigo. Chidebe chapulasitiki n'chotchipa, n'chopepuka, sindikukana, koma simungachiteleke pamoto, choncho khomo lililonse limasungabe ndowa imodzi yamalata yofunditsira madzi. Nkhalango nayo imatibweretsera makasitomala. Boma linayamba kubzala paini wochuluka pa Viphya mu 1964, mpaka nkhalango inafika mahekitala pafupifupi 53,000, cholinga chili choti padzamangidwe fakitale ya zopangira mapepala. Fakitaleyo sinamangidwe, mitengo inakhala ya matabwa, ndipo ocheka matabwa amafuna mafanelo othirira mafuta m'makina ndi mbaula zowotha m'misasa. Alimi a tomato ndi anyezi a cha ku Jenda amafuna makheni. Nyumba zokhala ndi pokolezera moto mkati zimafuna chipewa pamwamba pa chumuni kuti mvula isalowe. Pafupifupi zonsezi zimayamba ndi kagawo ka mkombero kolembedwa pa lata losalala.

Ndowa yomwe ndimapanga kawirikawiri ili ndi masentimita 35 kukamwa, 21 kuthako, ndipo khoma lake lopendekera ndi la 28. Imalowa malita pafupifupi 17. Pofuna patani yake, ndimayamba ndaijambula ndi choko pansi, monga momwe imaonekera ukaiyang'ana cham'mbali: mzere wa 35 pamwamba, wa 21 pansi, ndi iwiri yopendekera yolumikiza. Ndiye ndimagoneka thabwa lowongoka pa mizere yopendekera ija n'kuipitiriza kumunsi mpaka ikumane. Pomwe yakumanapo ndiye pamchombo pa ntchito yonse. Kuchokera pamenepo kufika kuthako ndimapeza 42, kufika kukamwa 70.

Apa m'pamene kathabwa kaja kamagwira ntchito. Msomali umodzi umaima pamalo okumanirana, winawo umakanda lata. Ena amagwiritsa ntchito chingwe, koma chingwe chimatamuka. Ukachikoka mwamphamvu poyamba, dzanja n'kufooka kumapeto, ndowa imatuluka yopotoka kukamwa, ndipo amayi a pamsika wa Jenda amaiona ali patali, saigwira n'komwe. Ndimakanda mizere iwiri yokhota, wa pa 70 ndi wa pa 42. Chatsala n'kudziwa podula.

Amene anandiphunzitsa ntchitoyi anali mkulu wina wa ku Kasungu, yemwe sukulu sanapite nayo patali. Lamulo lake linali lakuti kukamwa uwerenge katatu, kenako ukugawe pasanu ndi pawiri n'kuwonjezapo gawo limodzi. Tsono 35 katatu ndi 105, ndipo 35 kugawa pa 7 ndi 5, zonse pamodzi 110. Ndimadula waya wa masentimita 110 n'kumugoneka motsata mzere wokhota wa pa 70. Pomwe wayambira ndi pomwe wathera ndimakhoma kachizindikiro ndi msomali, n'kulemba mizere iwiri yowongoka yoloza kumalo okumanirana aja. Mzere wamkati sindivutika nawo, umadzipezera wokha 66, womwe ndi mkombero wa thako la 21. Mkuluyo madigiri sankawatchula, koma patani imeneyi ngodya yake ndi 90 ndendende, chifukwa mkombero wathunthu wa pa 70 ndi 440, ndipo 110 ndi gawo limodzi mwa magawo anayi ake.

Zamadigirizi zinalowa m'shedi mwanga ndi mwana wa mlongo wanga. Ali Fomu 2 pasekondale yoyendera, ndipo amakonda kudzalembera homuweki patebulo langa chifukwa kunyumba azing'ono ake samupatsa mpata. Tsiku lina anafika nkhope ili gwaa, kope lili m'manja.

"Asibweni, aphunzitsi andilakwira. Fomula ndatsata yonse, koma andichongera theka."

Funso linali lakuti apeze perimita ya sekita ya rediyasi ya masentimita 14, ngodya yake madigiri 90. Iye analemba bwino ndithu: 90 kugawa ndi 360, kuchulukitsa ndi 2, ndi 22 pa 7, ndi 14. Yankho 22, analitsekera mizere iwiri pansi. Ndinatola chidutswa cha lata pamulu wa zotsala, n'kusendeza misomali ya kathabwa kuti italikirane 14, n'kukanda kuchokera pangodya ya lata, n'kudula.

"Gwira apa. Ika chala pansongapo, uyende nacho m'mphepete mpaka ubwerere pomwe wayambira. Pang'onopang'ono, limacheka limenelo."

Chala chinakwera mbali yowongoka, chinakhota, chinafika pangodya yachiwiri, chinaima. Anandiyang'ana.

"Wafika?"

"Ayi."

Chinatsika mbali inayo. Anatenga bolopeni n'kulemba 22, kuwonjeza 14, kuwonjezanso 14.

"Ndi 50, asibweni." Ndipo anawonjeza chapansipansi kuti komabe theka linachepa, poti chovuta anachikhoza.

Pamenepo sindimutsutsa kwenikweni, ndipo ndikuganiza kuti m'pomwe pagona vuto. Mwana salephera samu imeneyi chifukwa cha ulesi kapena umbuli. Amalimbana ndi mbali yokhota, yomwe ili ndi fomula ndi kugawagawa, akaigonjetsa amaona ngati nkhondo yatha. Mbali ziwiri zowongoka n'zosavuta mopitirira muyeso, mpaka maso saziona. Pa chithunzi cha m'buku nambala 14 imalembedwa pa mzere umodzi wokha, ndipo mwana amauona ngati mzere womuuza kukula kwa mkombero, osati mphepete ya chinthu choti ungachinyamule m'manja. Anzake ena a m'kalasi omwe anadzabwera kudzaona kachidutswa kaja nawonso anali atalemba 22.

Kwa ife okhoma malata zinthu zili mosemphana. Mbali zowongoka ndi zomwe sitingaiwale ngakhale titaledzera, chifukwa ndizo zimakumana n'kukhala msoko, ndipo ndowa ikamadontha, kawirikawiri imadonthera pamsoko kapena pathako. Mbali imodzi timaipindira mkati, inayo kunja, n'kuzikolanitsa, kenako kuzikhoma pa njanji mpaka zitagwirana, ndi kudutsitsapo mtovu wosungunula. Kupindako kumadya lata. Ngati mpindo uli wa mamilimita 6, msoko wonse umadya katatu kake, 18, ndipo amenewa uyenera kuwawonjezera kunja kwa mizere yowongoka ija usanadule. Ukaiwala, kukamwa kumachepa, thako lomwe unadula kale silikwana, lata lapita. Mphepete yokhota yakumtunda nayo ili ndi chowonjezera chake, poti imakulungira waya wolimbitsa mlomo: kunenepa kwa waya kawiri ndi theka, ndiye waya wa mamilimita 4 amafuna sentimita imodzi. Zimenezi m'buku la mwana mulibe, ndipo sindikudandaula, buku si shedi.

Kusiyana kwina n'kwakuti kusukulu amakupatsa ngodya n'kukufunsa kutalika kwa mphepete. Kasitomala sanandipatsepo ngodya chiyambire. Amabwera ndi kamtengo kapena chingwe, kapena amangotambasula manja, n'kunena kuti adada, ndikufuna kukamwa kwake kukhale chonchi. Ine ndimayambira kumphepete kubwerera kungodya. Samu ndi yomweyo, koma timaiyenda chafutambuyo. Ndiponso si kawirikawiri pamene timaphatikiza mbali zonse kukhala nambala imodzi, chifukwa iliyonse ili ndi ntchito yake: yokhota imadya waya, zowongoka zimadya mtovu. Chigamba cha ndowa ija mukachizungulira chonse ndi 110, 66, 28 ndi 28, zonse 232, koma nambala imeneyi imangondiuza utali womwe sizasi iyende ndi matuza omwe ndituluke.

Ilipo ntchito yomwe imafuna nambala yonse. Amayi ophika zogulitsa ndi eni tiyirumu amasunga madzi m'migolo ya malita 200, ndipo amakonda chivundikiro cha zigawo ziwiri, kuti azitsegula theka potunga. Kukamwa kwa mgolo ndi masentimita pafupifupi 57. Theka lililonse ndi sekita ya madigiri 180, ndipo kuti lisapindike, waya ayenera kuzungulira mphepete yonse. Mbali yokhota ndi pafupifupi 90, mbali yowongoka ndi marediyasi awiri atagona mzere umodzi, 57, zonse 147. Mnyamata wina yemwe ndinkamuphunzitsa, woti Fomu 4 anamaliza, anawerengera pafoni mwachangu n'kudula mawaya anayi a 90. Cholakwa chake chinali chomwe chija cha mwana wa mlongo wanga, kungoti apa panalibe wochonga theka. Mawayawo tinapangira zogwirira za mbaula.

Mwana wa mlongo wanga uja ndi amenenso anandiuza kuti lamulo la mkulu wa ku Kasungu lija ndi 22 pa 7 wa m'buku lawo, ndipo kuti si nambala yeniyeni, ndi yoyandikira chabe. Archimedes wa ku Syracuse, pa chilumba cha Sicily, yemwe anafa m'chaka cha 212 Yesu asanabadwe, anaonetsa kale kuti nambala yeniyeni ndi yocheperako pang'ono pa 22 pa 7. Kakyuleta imapereka 3.14159 n'kumapitirira. Tinayesa pa ndowa yanga: mwa njira ya mkulu uja 110, mwa kakyuleta 109.96. Kusiyana kwake sikufika theka la milimita. Mzere womwe msomali umakanda ndi wonenepa kuposa pamenepo.

Pa fanelo m'pamene munthu amaona bwino zomwe ngodya imachita. Tengani mkombero wa rediyasi ya 21, womwe kuzungulira kwake ndi 132. Mukaudula pakati n'kukulunga theka, mphepete yokhota ndi 66, fanelo imatuluka ya 21 kukamwa, yakuya pafupifupi 18. Ili ndi lamulo lomwe wokhoma malata aliyense amalidziwa pamtima: theka la mkombero limabala fanelo yomwe kukamwa kwake n'kofanana ndi khoma lake. Ocheka matabwa amaikonda yotere chifukwa mafuta amatsika msanga, sakhavukira. Mukasiya madigiri 240, ndiye kuti magawo awiri mwa atatu, mphepete ndi 88, kukamwa 28, kuya kwatsika kufika pafupifupi 16. Imeneyi ndi ya ogulitsa mafuta ophikira, othira kuchokera m'chigubu chachikulu, omwe amafuna pothira potambalala. Chipewa cha chumuni ndiye timangochotsa kachidutswa kakang'ono, madigiri 30, kutsala mphepete ya 121. Chimatuluka chotambalala masentimita 38 ndi theka, chokwera 8 okha, chongokwanira kuti madzi atsetsereke ndipo mphepo ya pa Viphya isachipeze pogwira. M'zonse zitatuzi mbali zowongoka sizisintha, ndi 21 uku 21 uku. Msoko ndi umodzimodzi, mtovu ndi womwewo. Kasitomala akamadandaula kuti bwanji fanelo yaing'ono mtengo wake sukusiyana kwambiri ndi yaikulu, ndimamuonetsa msoko.

Nsonga ya fanelo timaidula kuti pakhale bowo la kapaipi, ndipo kapaipiko nakonso ndi kasekita kena kowonda, ka ngodya yaing'ono kwambiri. Mlomo wa kheni ndi chimodzimodzi. Tizigawo ting'onoting'ono timeneti ndi timene timavuta kuposa ndowa, chifukwa malo oima msomali amagwera kutali, kunja kwa lata, mpaka umachita kukhomerera lata patebulo kuti lisasunthe.

Lata ndi lodula, ndipo limachokera kutali, ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, kudzera m'mashopu a hadiweya. Chigamba chokhota chikadulidwa chathunthu chimasiya zotsala zambiri. N'chifukwa chake ndowa zambiri zomwe mumaona pamsika zili ndi misoko iwiri. Timagawa sekita ija pakati, madigiri 45 uku 45 uku, n'kugoneka zigambazo pa lata mosemphanitsa, china kukamwa kuloza kumtunda, chinzake kuloza kumunsi, kuti zilowane. Lata limapulumuka, koma mbali zowongoka zakhala zinayi, chowonjezera cha msoko chawirikiza, nthawi yokhoma yawirikizanso. Chotchipa n'chiti, zimatengera mtengo wa lata mwezi umenewo. Zotsala sizitayidwa: makutu a ndowa, kasefa ka kumlomo kwa kheni, zitseko za mbaula. Kale tinkapangira makoloboyi, koma matochi ndi magetsi a sola anatilanda msika umenewo, ndipo sindiulira, utsi wake unkatha maso a ana owerenga usiku.

Achinyamata ofuna kuphunzira amabwera, koma ambiri sakhalitsa. Kuno ku Mzimba mnyamata akangopeza ya thiransipoti maso amakhala ali ku Joni, ndipo sindingamuletse, nyumba zamalata zambiri m'midzi muno zamangidwa ndi ndalama za ku Johannesburg ndi Cape Town. Mwa otsalawo ndaona mitundu iwiri. Ena amaloweza mapatani. Ndimawapatsa makatoni odulidwa kale opachikidwa pakhoma, amalemba mozungulira, amadula, ndipo manja awo amafulumira kuposa anga. Koma kukabwera munthu wofuna chinthu chomwe pakhomapo palibe, monga mlimi wa njuchi wofuna chofukizira utsi kapena wa chigayo wofuna chothiramo chimanga chatsopano, amangoima n'kudikira ine. Ena, makamaka odutsa m'masukulu a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, amadziwa kujambula ndi kuwerengera, koma poyamba lata limawazunza, saganizira kuti chitsulo chikamapindidwa chimadya malo. Achiwiriwa amachira msanga. Miyezi ingapo manja akazolowera, amandipitirira. Oyamba aja, ngati sakufuna kugwada pansi ndi choko, adzakalamba akupanga ndowa ya saizi imodzi.

Ndikanakhala ndi mawu kwa aphunzitsi a masamu, ndikanawapempha chinthu chimodzi chosafuna ndalama. Asanalembe fomula pabolodi, mwana aliyense adule sekita pa katoni kapena pa pepala la thumba la simenti, aizungulire ndi ulusi, ayeze ulusiwo pa rula, kenako aikulunge aione ikusanduka fanelo. Pafupifupi pa tirediing'i senta iliyonse pali wokhoma ndowa yemwe angabwereke kalasi patani imodzi kwa tsiku. MANEB ikadzafunsa, chala chidzakumbukira kuti ulendo sunathere pangodya yachiwiri.

Madigiri ali ndi mbali ina yomwe siisangalatsa. Nthawi yokolola, ogula chimanga ndi nyemba m'midzi ambiri sayendera sikelo, amayeza ndi ndowa. A Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo, koma ndowa ya munthu palibe amaidinda. Chaka china kunabwera bambo wina panjinga yamoto, wovala bwino, n'kundiitanira kuseri kwa shedi.

"Adada, ndikufuna ndowa zinayi. Zioneke ngati zomwezi, msinkhu womwewu, koma zikhale ndi mimba pang'ono. Mukundimva?"

Ndinamumva bwino lomwe. Pa patani yanga ija, kungotsegula ngodya kuchoka pa 90 kufika pa 95, mphepete yakumtunda imachoka pa 110 kufika pa 116. Kukamwa kumakula ndi masentimita awiri osakwana n'komwe, ndipo diso la munthu woima pambali silingazindikire. Koma kukula kumeneku kumachitika kuyambira kuthako mpaka kumlomo, mbali zonse, ndiye ndowa ya malita 17 imasanduka ya pafupifupi 19. Pa ndowa zisanu ndi zinayi zilizonse, mayi wogulitsa chimanga chake wapereka imodzi yaulere. Anali wokonzeka kulipira kawiri mtengo wa ndowa wamba, ndipo kunena zoona mwezi umenewo ndalama inkafunika.

Ndinamuuza kuti ndowa ya malita 19 ndimupangira, ngakhale ya 25, koma ndikhomapo nambala yake pambali ndi chisilo, yaikulu yoti aliyense awerenge. Anaseka, anati ndine munthu wovuta, analiza njinga kulowera cha ku Jenda, komwe okhoma ndowa ndi ambiri.